Katebulo ka mapiko ka mahogani: luso ndi lozama, koma kuuma kwa ku Tete sikukanyengerera

Mwa katundu wakale amene amafika kuno kuchokera ku Joni, ku Harare ndi ku Blantyre, mwa apo ndi apo mumapezeka katebulo kofiirira, ka miyendo inayi yowonda, kokhala ndi mapiko awiri olendewera m'mbali. Ogulitsa amakatcha Georgian kapena Pembroke, ndipo ndalama amazikweza chifukwa cha mayina amenewo. Ife tikuti mwa timatebulo tonse ta pabalaza palibe kamene kanaganiziridwa bwino kuposa aka. Koma mphamvu zake zatsamira pa malo atatu okha, ndipo ndi malo omwewo amene nyengo ya kuno imayambira kudya. Amene sanawayang'ane malo atatuwo asatulutse metikali ngakhale imodzi.

Dzina lakuti Georgian limanena za nthawi ya mafumu anayi a ku Britain otchedwa George, kuyambira 1714 mpaka 1830. Matabwa a mahogani anayamba kuchuluka kumeneko pambuyo pa 1721, pamene boma linachotsa msonkho pa matabwa ochokera kumayiko amene linkalamulira ku America. Oyamba ankachokera ku Jamaica, kenako ku Cuba ndi ku Honduras, ndipo tisaiwale kuti ambiri mwa ogwetsa ndi okoka mitengo imeneyo anali akapolo a ku Africa. Mahogani ndi amene anapatsa amisiri mpata wowondetsa miyendo, chifukwa ndi mtengo wolimba, wosapindika msanga, ndipo umapereka matabwa otambalala. Timatebulo ta miyendo yangodya zinayi yowonda kumunsi tinafala kuyambira cha m'ma 1770, nthawi imene imadziwika ndi mayina a akatswiri a mipando George Hepplewhite ndi Thomas Sheraton. Ta miyendo yobulungira ya mizeremizere tinabwera cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Kuli tina takalekale kuposa apa, ta mwendo wathunthu wotseguka ngati chitseko kuti uchirikize phiko, koma pano tikunena za Pembroke, ka miyendo yosasuntha.

Kukula kwake sikusiyana kwambiri. Kutalika kuchoka pansi ndi masentimita 70 mpaka 73. Thabwa lapakati limakhala la masentimita 75 mpaka 90 m'litali ndi 45 mpaka 55 m'lifupi, phiko lililonse masentimita 22 mpaka 30. Mukakatseka kamakwana pakati pa mpando ndi khoma, mukatsegula mapiko onse kamafika pafupifupi mita imodzi, ndipo anthu awiri angamwerepo tiyi kapena kudyerapo mosapanikizana. Mbali imodzi yakumutu kuli dilowa yeniyeni, mbali inayo kuli nkhope ya dilowa yongonamizira, yokhala ndi chogwirira chake, kuti katebulo kazioneka bwino ngakhale kali pakati pa chipinda. Pa nyumba zothina za ku Matundo, ku Chingodzi kapena ku Moatize, chimenechi ndi chinthu chothandiza zedi. Munthu mmodzi amakanyamula. Koma si ka wayilesi yakanema yaikulu, si ka makina osokera, si koikapo ndowa ya madzi, ndipo si kokandirapo ufa wa mandasi.

Malo oyamba ndi pamene phiko limakumana ndi thabwa lapakati. Amisiri akale sankangogundanitsa matabwa awiri. M'mphepete mwa thabwa lapakati ankasemamo kamsana kobulungira, kokhala ndi kamzere kotsika pang'ono pamwamba pake, ndipo m'mphepete mwa phiko ankakumbamo kamphako kofanana ndendende ndi kamsanako. Phiko likakwera, kamphako kamagona pa kamsana, choncho katundu amene mwaika pa phiko amanyamulidwa ndi thabwa m'litali monse, osati ndi mahinjesi okha. Phiko likatsika sipaoneka mpata kapena chitsulo, pamangooneka mkombero wosalala. Mahinjesi ake ndi apadera: mbali imodzi ndi yaitali kuposa inzake, yaitaliyo imapita ku phiko, ndipo mfundo yake imalowa m'thabwa kunsi. Apa ndi pamene pali ngozi. Pamwamba pa mfundoyo pamatsala thabwa lopyapyala, ndipo chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma n'kuling'amba. Ndiye mukaona tizigamba ting'onoting'ono pamwamba pa tebulo molunjika ndi mahinjesi, musadabwe, timatebulo tambiri tenitenito tili nato. Choipa ndi mlomo wa phiko wobenthuka m'litali, chifukwa kuukonza kumafuna kulumikiza kathabwa katsopano ndi kusemanso mphako yonse. Kwezani phiko pang'onopang'ono mukumvetsera. Likalira kapena kugwira pena, pali zinthu zitatu zimene zingachititse: nyenyeswa ndi fumbi zadzaza m'mphako, masikuluwu a hinjesi akhwepa, kapena thabwa lakhota. Ziwiri zoyambazo ndi ntchito ya ola limodzi. Chachitatucho chiganizireni kawiri.

Malo achiwiri ndi timikono tochirikiza mapiko. Kunsi kwa phiko lililonse kuli kamkono kamodzi kapena tiwiri ta thabwa, timene timatseguka kuchoka m'mbali mwa felemu. Hinjesi yake si yachitsulo ayi. Ndi zala zathabwa zolowana, zodutsidwa ndi kachitsulo kamodzi pakati. Kawirikawiri timikono timeneti ankatipanga ndi mtengo wotchedwa beech, umene anankafumbwe amaukonda kwambiri, ngakhale mahogani enieni amawalambalala. Tsegulani kamkono, kagwireni kumapeto, mukagwedeze m'mwamba ndi pansi. Kakasewera kupitirira mamilimita awiri kapena atatu, phiko lidzawerama, ndipo kapu ya tiyi idzapendekeka. Kuwerama pang'ono kumatheka ndi kamphero ka thabwa ka mamilimita 2 kapena 3 komatidwa kunsi kwa phiko, pamene kamkono kamaimira. Zala zikakhala zofumbwa kapena zothyoka, mbali yonseyo iyenera kupangidwanso, ndipo kuti mmisiri aifikire ayenera kuchotsa thabwa lapamwamba.

Malo achitatu ndi pamene miyendo imalumana ndi mitanda ya felemu. Mwendo umayamba ndi mamilimita 40 mpaka 45 kumtunda n'kutsika kufika 20 kapena 22 pansi. M'kamtengo ka mamilimita 42 amaboolamo mabowo awiri oyang'ana mbali ziwiri, olowamo malilime a mitanda, ndiye chotsala si chambiri. Mbali ya dilowa ndiyo yofooka koposa, popeza kulibe mtanda wathunthu, kuli timitanda tiwiri topyapyala, kena pamwamba pa dilowa kena pansi pake. Munthu akakoka katebulo pa simenti yokakala, mwendo umakodwa pansi, ndipo utali wake wonse wa masentimita 70 umakanula mfundo ya kumtundayo. Miyendo yambiri yothyoka imene imafika kwa amisiri sinathyoke ndi kulemera kwa katundu, inathyoka ndi kukoka. Poyesa, ikani dzanja pamwamba, mukankhe pang'ono kutsogolo ndi m'mbali. Kugwedera pang'ono n'kwa guluu wotha. Koma mukaona mng'alu kumtunda kwa mwendo, kapena mutu wa msomali, kapena kachitsulo kangodya komangidwa mkati, dziwani kuti wina anayesa kale kukonza mwachidule. Onaninso kumunsi. Timawilo tamkuwa timaguba matabwa, ndipo ena amadula miyendo yonse pang'ono kuti ifanane. Katebulo kosafika masentimita 68 n'kokayikitsa.

Tsopano za kudziwa ngati n'kakaledi. Apa tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ndalama zimatayikira. Kapangidwe kameneka kanabwerezedwa kwambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi m'nthawi ya mfumu Edward VII, kuyambira 1901 mpaka 1910, ndipo mafakitale sanasiye kukapanga mpaka lero. Kobwereza ka zaka zana kangakhale kabwino ndithu, koma si ka nthawi ya George, ndipo sikayenera ndalama za kameneko.

Pamwamba sipanena zoona, pamapakidwa. Yalani bulangete, mukagoneke chagada, mutenge tochi. Kunsi kwa tebulo lakale sikupakidwa utoto kapena vanishi. Thabwa limada lokha ndi mpweya ndi fumbi, ndipo kudako sikufanana paliponse: pamene pabisika ndi dilowa kapena ndi felemu pamakhala poyererako. Kunsi kukakhala kwa mtundu umodzi ngati kwathiridwa, kapena mukaona mizere ya burashi, wina anafuna kukalambitsa zinthu zatsopano. Yendetsani chikhatho mopingasa mizere ya thabwa. Puleni ya pamanja imasiya timafunde tosaya timene chala chimamva ngakhale diso silikuona. Zipsera za sowo yozungulira, zija zokhota ngati uta, zimasonyeza ntchito ya makina ya pambuyo pa nthawiyi.

Kenako yang'anani kunsi kwa phiko. Kamkono kamene katseguka ndi kutsekeka kwa zaka mazana awiri kamasiya chipsera chokhota pa thabwa. Tsegulani kamkonoko muone ngati kakutsata chipseracho. Kakaphonya, kapena ngati pali zipsera pamene palibe kamkono, ndiye kuti pamwamba panachokera ku tebulo lina, miyendo ku lina. Mabowo a masikuluwu opanda chowalowa amanena zomwezo. Timatebulo tolumikiza chonchi tilipo tambiri, ndipo timaoneka bwino, koma mtengo wake uyenera kutsika kwambiri.

Sololani dilowa yonse. Nkhope yake ndi ya mahogani, koma m'mbali ndi pansi kawirikawiri ndi mtengo wotchedwa oki, wopyapyala, wa mamilimita 6 mpaka 8, nthawi zina paini. Mano olumikiza ngodya akhale odula pamanja: owonda, osafanana kwenikweni, ndipo pakhale kamzere kokanda kamene mmisiri anayezera kuzama kwake. Mano ofanana onse, otambalala chimodzimodzi, ndi a makina. Pansi pa dilowa pakakhala pa pulayiwudi, nkhani yathera pomwepo, pokhapokha ngati zikuoneka kuti anangosintha pansipo. Kunsi kwa mbali za dilowa kuyenera kukhala kodyeka, ndipo m'felemu mukhale tinjira togubika tofanana nako. Kumbuyo kwa nkhope ya dilowa, mabowo owonjezera amasonyeza kuti zogwirira zinasinthidwa, chimene n'chofala ndipo si mlandu waukulu. Wogulitsa akalola, masulani sikuluwu imodzi ya hinjesi. Yakale ilibe nsonga, kumapeto n'kobuntha, mazinga ake ndi osalingana, ndipo kamzere ka kumutu kamakonda kupatukira mbali imodzi. Masikuluwu a nsonga yosongoka anafala cha m'ma 1850.

Mtengo weniweniwo nawo umalankhula. Mahogani a ku Cuba ndi ku Jamaica ndi olemera, ofiira moderako, ndipo nthawi zina m'timaenje ta mizere yake mumaoneka timadontho toyera ngati choko. A ku Honduras ndi opepukirako ndi owalirako. Mbawa yathu ino ndi m'bale wake wa mitengo imeneyo, ndipo imagulitsidwa kunja ndi dzina la mahogani a ku Africa, koma inayamba kulowa mochuluka m'misika ya ku Britain kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Choncho tebulo la mbawa, lija la mizere yaitali yosinthana kuwala ndi kuda, si la nthawi ya George ngakhale wogulitsa alumbire. Ngati pamwamba pamatidwa chikopa chopyapyala cha mtengo wokongola, onani kunenepa kwake pamene pabenthuka. Chodula pamanja chimafika milimita imodzi ndi theka kapena awiri. Cha makina amakono n'chopyapyala ngati chikhadabo, pafupifupi theka la milimita.

Chinthu china chaching'ono koma chovuta: pakamwa pa kiyi pena amazunguliza kachidutswa koyera. Kakakhala ka mnyanga wa njovu, kangakugwiritseni katundu yense pachipata, kaya pa Cuchamano, pa Zóbue kapena pa Calómue. Funsani musanalipire.

Tibwere ku nyengo. Thabwa limamwa ndi kutulutsa chinyezi moyo wake wonse, ngakhale litakhala zaka 250. Limafufuma ndi kunyala m'lifupi, pamene m'litali silisintha kwenikweni. Mpweya ukakhala ndi chinyezi cha 65 peresenti, thabwa limasunga madzi okwana pafupifupi 12 peresenti. Chinyezi chikatsika kufika 35 peresenti, thabwa limatsika kufika pafupifupi 7. Pa thabwa la mahogani la masentimita 50, kusiyana kumeneku ndi mamilimita 3 mpaka 5. Zikuoneka zochepa, koma taonani kumene zimathera. Thabwa lapakati linamangidwa ku felemu ndi masikuluwu olowa chopendekeka kuchokera mkati, pamodzi ndi tiziduswa tathabwa tomata ndi guluu. Mitanda ya kumutu siinyala, thabwa likunyala. China chiyenera kugonja. Mwina guluu amasiya, mwina thabwa limang'aluka kuyambira kumapeto. Likapanda kung'aluka, limachepa mpaka mapiko amayamba kugunda timikono, osalendeweranso molunjika, n'kumaima chotambalala kumunsi. Akatero, munthu akangowakankha ndi bondo, mphamvu yonse imathera pa masikuluwu a mahinjesi. Phiko nalo limakhota chifukwa pamwamba n'popakidwa, kunsi n'kosapakidwa, ndiye mbali ziwirizi siziuma mofanana.

Mu mzinda wa Tete, ku Moatize ndi ku Changara, Okutobala ndi Novembala amapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i kumatentha koposa apo. Guluu wa zikopa amene akale ankagwiritsa ntchito amauma n'kukhala wothetheka, ndipo chikopa chomata chija chimayamba kutukuka m'mphepete. Makina oziziritsa m'chipinda samathetsa vutoli, amaumitsanso mpweya, makamaka katebulo kakakhala pamene mphepo yake imawomba. Ku Ulongwe, ku Tsangano ndi ku Furancungo kuli bwinoko chifukwa n'kokwera ndi kozizira, koma kumeneko mdani ndi chinyontho cha Januwale ndi Febuluwale: nkhungu kunsi kwa thabwa, dilowa yokanirira, dzimbiri pa mahinjesi. Mwa malo awiriwa, ife tingasankhe kumapiri. Chinyontho chimathetseka ndi kutsegula mawindo, mng'alu sutsekeka wokha.

Kasamalidwe kake si kodula. Kakhale m'chipinda chamkati, kutali ndi windo lolowa dzuwa, kotalikira khoma masentimita 10 kuti muziona ngati chiswe chayamba kumanga njira. Pa dothi kasakhale n'komwe. Pokolopa kanyamuleni, chifukwa kunsi kwa miyendo kumamwa madzi, ndipo kunyamula kwake n'kogwira felemu, osati mapiko. Kachida koyezera chinyezi kamathandiza: pakati pa 45 ndi 60 peresenti ndi pabwino. M'chilimwe beseni lotambalala la madzi pakona ya chipinda chotseka limakweza chinyezi pang'ono, bola madziwo muzisintha tsiku ndi tsiku chifukwa cha udzudzu. Fumbi la kuno ndi lamchenga, limakanda, choncho muzilichotsa ndi nsalu yofewa popanda kutsindika, ndipo m'mphako ya phiko muzipitamo ndi kaburashi kouma.

Chopaka ndi phula la njuchi basi. Gawo limodzi la phula, magawo atatu a turpentine weniweni, mafuta osungunulira penti. Sungunulani phula m'chitini choviika m'madzi otentha, muchotse kutali ndi moto, ndiye muthire turpentine mukutakasa, chifukwa amayaka msanga. Pakani pang'ono kwambiri, dikirani theka la ola, pukutani mpaka chala chisasiye chizindikiro. Kamodzi kapena kawiri pachaka n'kokwanira. Kuno kotentha phula lochuluka limanata n'kugwira fumbi. Polishi wa pansi, mafuta ophikira, oyilo wakutha wa galimoto amene ena amapaka pothamangitsa chiswe, ndi mankhwala opopera onyezimiritsa, zonsezi zisayandikire. Zimalowa m'thabwa ndipo pambuyo pake guluu ndi polishi sizigwiranso. Timatebulo tambiri takale tinapakidwa shellac, polishi wosungunuka ndi sipiliti, pambuyo pake, chifukwa kapakidwe kameneka kanafala ku England cha m'ma 1820. Kuti mudziwe, donthezani sipiliti pa kathonje, mukhudze malo obisika kumtunda kwa mwendo. Pakayamba kunata, ndi shellac. Zikatero dziwani kuti dontho la kachasu kapena la mafuta onunkhira lidzasungunula pamwamba, ndipo kapu yotentha idzasiya mkombero woyera.

Cholakwika chachikulu chimene chimachitika m'mashedi a akalipentala ndi kupala ndi sandipepa n'kuthira vanishi wonyezimira. Amisiri anzathu, mtundu wozama uja wa mahogani akale uli pakhungu pokha, sufika ngakhale milimita imodzi. Mukaupala mwachotsa chimene mwini wake analipirira, ndipo pa chikopa chomata mungaboole n'kufika pa paini.

Mwendo wogwedera umakonzedwa chonchi. Lembani nambala pa zidutswa, mubaye madzi ofunda m'mfundo ndi jekeseni mpaka guluu wakale afewe, musolole pang'onopang'ono ndi nyundo yathabwa. Tsukani lilime ndi bowo ndi madzi ofunda, musapale thabwa, musiye ziume tsiku lathunthu. Lilime likakhala lokhwepa, matanipo kachikopa ka thabwa kuti lilowe mothina, chifukwa guluu sadzaza mpata. Guluu akhale wa zikopa yemweyo: muyezo umodzi wa guluu wouma, iwiri ya madzi pa sikelo, aviikidwe usiku wonse, atenthetsedwe m'chitini choviika m'madzi pa madigiri 60, asawire. Akasowa, gelatin wopanda shuga wa m'sitolo amagwira ntchito yomweyo. Panani ndi zopanira zoikira tiziduswa ta thabwa, muyeze ngodya ndi ngodya mopingasa kuti felemu isapotoke, musiye maola 24. Guluu woyera wa m'botolo sagwira bwino pa zotsalira za guluu wakale, ndipo guluu wosakaniza machubu awiri samasukanso, ndiye tsiku lina mwendo ukadzakokedwa chidzathyoke ndi thabwa, osati mfundo. Msomali pa mwendo wowonda chotere ndi kuung'amba. Bowo la sikuluwu ya hinjesi likakula, musaike yaitali, idzatulukira pamwamba. Tsekani bowolo ndi kamtengo ndi guluu, muboolenso.

Za anankafumbwe: timabowo ta milimita imodzi kapena awiri takuda mkati ndi takale. Yalani pepala lakuda pansi kwa sabata ziwiri. Pakagwa ufa woyera, ali moyo. Bayani mankhwala a matabwa okhala ndi permethrin m'bowo lililonse, mupakenso mbali zosapolishidwa, mubwereze pakatha mwezi. Kukulunga mu pulasitiki wakuda n'kuika padzuwa kumapha tizilombo ndithu, komanso kumasula guluu yense. Mapiritsi aja ofukizira chimanga m'nkhokwe musayese m'nyumba. Mpweya wake umapha anthu, ndipo umadyanso mkuwa wa zogwirira ndi timawilo.

Ulendo umawononga kuposa zaka. Kaya kakubwera pa lole kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Changara, kaya kuchokera ku doko la Beira kudzera ku Catandica ndi Guro, kamangidwe ndi kamodzi. Chotsani dilowa muikulunge payokha. Tsitsani mapiko, mulowetse katoni wopinda pakati pa phiko ndi felemu, mumange ndi lamba wansalu pamwamba pa bulangete. Kagone chagada pa matiresi, miyendo m'mwamba, ndipo chingwe chisakhudze mwendo. Pamwamba pa chapa si malo ake. Kakafika, kasiyeni m'bulangete momwemo m'chipinda chamkati sabata ziwiri kapena zitatu kuti kazolowere mpweya pang'onopang'ono. Ngati mungasankhe mwezi, kafike mu Malichi kapena Epulo, osati mu Okutobala. Kumbukiraninso kuti ku England mipando ndi matebulo akale ofiirira anatsika mtengo kwambiri m'zaka makumi awiri zapitazi, moti Pembroke wopanda zokongoletsa si chuma chosowa. Kulongedza, lole ndi msonkho wa pachipata zingapose mtengo wa katebulo keniko, ndipo amene akugula poyembekezera kudzagulitsa mokwera aganizenso.

Ndiye agule ndani? Amene ali ndi chipinda chozizira chokhala ndi siling'i, pansi pa simenti kapena matayilosi, ndi mmisiri wodziwa guluu wa zikopa, makamaka kumapiri a Angónia, agule mosakayika akapeza kenikeni kolimba pa malo atatu aja. Adzakondwa nako tsiku lililonse, chifukwa kuwala kwa mahogani akale kulibe chofanana nako m'masitolo a lero. Nyumba ya malata ya m'chigwa, ya ana othamanga, tikulangiza njira ina: pangitsani katsopano kwa mmisiri, popeza kapangidwe kameneka n'kaulere, ndipo matabwa abwino tili nawo konkuno.

Mbawa imafanana kwambiri ndi mahogani, koma mizere yake yopotana imazuka pansi pa puleni yobuntha. Mlombwa sunyala kwambiri, ndipo pa nyengo ya Tete ndi umene tingasankhe pa thabwa lapamwamba. Chanfuta nayo siisuntha, koma imalemeretsa katebulo. Chachikulu ndi kuuma. Thabwa la mamilimita 25 limafuna pafupifupi chaka pamthunzi, lotsamiritsidwa pa timitengo kuti mpweya uzidutsa, kenako mwezi umodzi m'nyumba musanadule. Lisakhale ndi mbali yoyera ya kukhungwa, imene imafumbwa. Gulani kwa ocheka a chilolezo.

Miyezo yopatsa mmisiri nayi. Thabwa lapakati masentimita 80 kwa 50, mapiko 80 kwa 25, onse onenepa mamilimita 19, odulidwa pa thabwa limodzi ngati n'kotheka kuti mizere ipitirire. Kutalika konse masentimita 72. Miyendo mamilimita 42 kumtunda, 22 pansi, ndipo kuwondako kuyambire masentimita 2 pansi pa mtanda, makamaka pa mbali ziwiri zamkati kuti katebulo kaime mowongoka. Mitanda ya m'mbali masentimita 12, malilime onenepa mamilimita 8 mpaka 10. Pa mphepete ya mamilimita 19, kamzere kapamwamba katsike 4, mkombero ukhale wa 12, ndipo pakati pa kachitsulo ka hinjesi pakhale mamilimita 3 kuchoka kunsi kwa thabwa, molunjika pansi pa kamzereko. Pakati pamenepa pakakwera phiko limakanirira, pakatsika pamatseguka mpata, choncho ayambe ayesa pa zidutswa ziwiri zotaya. Mahinjesi a chitseko sagwira ntchito pano, ayitanitse a matebulo a mapiko, atatu mbali iliyonse. Felemu pamodzi ndi timikono ichepe mamilimita 4 kapena 5 mbali iliyonse poyerekeza ndi pamene phiko limalendewera, kuti thabwa likanyala mu Okutobala mapiko asagunde. Ndipo asamate thabwa lapamwamba ku felemu. Alimange ndi timabatani tathabwa tolowa m'ngalande ya mkati mwa mtanda, kapena ndi masikuluwu a m'mabowo otalikitsa mopingasa mizere, kenako apake kunsi ndi pamwamba mofanana, chiwerengero chimodzi cha mapakidwe mbali zonse ziwiri.